KUYESA NYUMBA YA MAKOMPYUTA ISANAYAMBE NCHITO

Mau okambidwa pa msonkhano wa aphunzitsi

Nkhani imene ndapatsidwa ndi ya nyumba zosungiramo makompyuta, zimene pa Cingerezi azicha data centre; makamaka nchito ija imene icitika omanga atatsiriza kumanga, koma mwini nyumba asanailandire. Nchitoyo ndiyo kuyesa magetsi, zoziziritsa ndi zozimira moto.

Kapena wina adzati, Nanga ife a kumidzi zitikhudza bwanji zimenezi? Zitikhudza ndithu. Malipiro athu a pa mwezi adzera ku banki. Makolo atumizirana ndalama pa lamya. Ndipo zotsatira za mayeso a ana athu tsopano zifunsidwa pa lamya yomweyo. Zonsezi zisungidwa kutali, m'makompyuta akuru ochedwa maseva, oikidwa m'makabati a citsulo, mizere mizere, m'zipinda zopanda mazenera. Ku Lusaka iriko nyumba yotere ya boma, imene inamangidwa ndi kampani ya Huawei, ndipo poyamba inachedwa Zambia National Data Centre. Ndipo mabanki ndi makampani a lamya nao asunga maseva ao m'nyumba zonga yomweyo. Nyumba yotere ikaima tsiku limodzi, mai amene wayenda ulendo wautali kukatenga ndalama ku boma abwerera cimanjamanja.

Mau anga onse ali pa cinthu cimodzi. Nyumba yotere iyamba kukhulupirika tsiku limene anthu aizimira magetsi mwadala, mboni ziri kupenya, naona makina onse ali kulandizana nchito monga anakonzera. Tsikulo lisanafike, ngakhale makina akhale atsopano ndi onyezimira, munthu wanzeru akumbukira mwambi uja wa cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

ADANI ATATU

Mdani woyamba ndiye kuzima kwa magetsi. Seva siingathe kudikira magetsi ngakhale kanthawi ka kuphethira kwa diso, pakuti mphamvu yotsalira m'kati mwace ikwanira ngati gawo limodzi lokha mwa magawo 50 a sekondi. Koma jenereta ya dizilo ifuna masekondi ngati 10 kuti ilire ndi kusenza katundu. Pakati pa ziwirizi pali mpata, ndipo mpatawo utsekedwa ndi mabatire pamodzi ndi makina ochedwa UPS, amene apatsa maseva magetsi osadukiza kwa mphindi zowerengeka. Ife a m'Zambia timdziwa bwino mdani ameneyu. M'caka ca 2024, pamene mvula inakana ndipo madzi anacepa m'nyanja ya Kariba, magetsi anali kuzima m'malo ambiri kufikira maora 21 pa tsiku. Pa nyengo yotere jenereta ileka kukhala mlendo wobwera kamodzi pa caka, nisanduka mwini nchito.

Mdani waciwiri ndiye kutentha. Magetsi onse olowa m'kompyuta asanduka kutentha potsiriza pace. Kabati imodzi ya maseva yodya makilowati 10 itentha monga nsimbi khumi za magetsi. Tsono cipinda ca makabati 100 otere cifanana ndi nsimbi 1,000 zoyaka usana ndi usiku m'nyumba yotseka. Akatswiri a bungwe la ASHRAE la ku America alangiza kuti mpweya wolowa m'maseva ukhale pakati pa madigiri 18 ndi 27. Cifukwa cace muli makina oziziritsa madzi, mapampu oyendetsa madziwo, ndi mafani okankha mpweya wozizira. Zimenezi zikaima, cipinda citentha m'mphindi zocepa, ndipo maseva adzizima okha kuopa kupsa. Pa 19 July 2022, tsiku limene dziko la Britain linapitirira madigiri 40 nthawi yoyamba m'mbiri yolembedwa, zoziziritsa zinalephera m'nyumba za maseva a Google ndi Oracle mu London. Tsiku lomwelo nyumba ziwiri za makompyuta a zipatala za Guy's ndi St Thomas' zinaima, ndipo madokotala anabwerera ku mapepala ndi zolembera kwa masabata angapo.

Mdani wacitatu ndiye moto, pakuti m'nyumba zotere muli mawaya ambiri, mabatire ambiri, ndi dizilo wosungidwa pafupi. Usiku wa pa 10 March 2021, ku Strasbourg m'dziko la France, moto unabuka pa malo a kampani ya OVHcloud. Nyumba imodzi ya nsanjika zisanu inapsa yonse, ndipo ina inapsa mbali. Palibe munthu anafa, koma mawebusaiti ngati 3.6 miliyoni analeka kuoneka, ndipo anthu ena anataya zolembedwa zao kosabwerera, pakuti makope ao osungira anali pa malo omwewo. Ofufuza anapeza kuti m'nyumbamo munalibe makina ozima moto okha, ndi kuti ozima moto anadikira maora ngati awiri magetsi asanadulidwe pa malo onsewo.

MAKWERERO ASANU

Pofuna kudziwa ngati nyumba yatsopano idzaima pamaso pa adani atatuwa, mainjiniya ayesa m'makwerero asanu, ndipo sakwera lina asanatsirize linzace.

Khwerero loyamba licitika ku fakitale. Anthu a mwini nyumba apita kumene makina apangidwa, naona jenereta, UPS ndi coziziritsa ziri kugwira nchito zisanapakidwe m'mabokosi. Colakwa copezeka pamenepo cikonzedwa msanga ndi amene anacipanga. Koma cikapezeka makina ataoloka nyanja ndi kuyenda pa lole kucokera ku doko kufikira kuno kumtunda, miyezi itayika.

Laciwiri licitika makina atafika. Aona ngati ndi omwewo amene anaitanitsa, ngati sanaphwanyike m'njira, ngati aikidwa pa malo ace, ngati mabauti amangidwa ndi mphamvu yoyenera, ndi ngati waya ali yense walembedwa dzina lace.

Lacitatu ndilo kuyatsa makina ali onse paokha nthawi yoyamba. Apa zipezeka zolakwa zazing'ono zimene diso silingaone. Mwacitsanzo, mawaya awiri akasinthanitsidwa polumikiza, pampu izungulira cobwerera. Ilira bwino monga inzace, koma madzi sayenda mokwanira.

Lacinai ndilo kuyesa mbali iri yonse ya nyumba itasenza katundu wace: magetsi paokha, zoziziritsa pazokha, zozimira moto pazokha. Koma katunduyo acokera kuti, popeza maseva sanafike? Mainjiniya abwereka mbaula za magetsi, ndizo mabokosi a mawaya otentha okhala ndi fani m'kati, naziika m'makabati momwe mudzakhala maseva. Mbaulazo zidya magetsi ofanana ndi amene maseva adzadya, nizitulutsa kutentha kofanana. Pamenepo jenereta iyendetsedwa maora ambiri itasenza katundu wonse, munthu ali kulemba kutentha kwa injini ndi kumwa kwace kwa dizilo. Wina ayenda ndi kamera yoona kutentha, kufunafuna polumikiza pamene patentha kuposa panzace, pakuti pamenepo ndi pamene moto udzayambira. Kuyesa kwa ku fakitale sikungalowe m'malo mwa kumeneku. Mzinda wa Lusaka uli pa mtunda wa mamita pafupifupi 1,300 pamwamba pa nyanja yamcere, kumene mpweya ucepa mphamvu. Ndipo injini imene inasenza bwino katundu m'dziko lozizira la m'mbali mwa nyanja ikhoza kupereka mphamvu yocepa kuno, makamaka m'dzuwa la October.

Pa khwerero lomweli ayesanso makina apadera. Lamulo lace ndi lakuti, ngati nyumba ifuna majenereta atatu, aikamo anai. Ngati ifuna mapampu awiri, aikamo atatu. Tsono azima imodzi mwadala, kuti aone ngati otsalawo asenza katundu popanda munthu kuwakhudza. Makampani ambiri amata kapepala ka mtundu wace pa makina ali onse amene apambana khwerero: kofiira, kacikasu, kobiriwira, kabuluu, ndi potsiriza koyera, kotero kuti ali yense wolowa adziwa ndi maso pamene nchito yafika.

TSIKU LOZIMA MAGETSI

Khwerero lacisanu ndilo lalikuru. Wofolera nyumba kumudzi adziwa ubwino wa denga lace mvula yoyamba ikagwa, ndipo ngati lidontha, anyowa ndiye mwini ndi ana ace. Oyesa nyumba ya makompyuta sayembekeza mvula. Aibweretsa okha m'cilimwe, m'nyumba musanalowe kanthu koonongeka.

Tsikulo mbaula zonse ziyatsidwa, zoziziritsa ziri kugwira nchito, ndipo anthu aimirira ali yense pa malo ace, ndi wochi ndi pepala m'manja. Pamenepo mkuru wa oyesa alamula kuti swichi yaikuru yolandira magetsi a kunja itsekedwe. Nthawi yomweyo mabatire asenza cipinda ca maseva, osaphethira konse. Masekondi ngati 10 atapita, majenereta alira, nagwirizanitsa mayendedwe ao, ndipo swichi yosamutsa iwapatsa katundu. Koma makina oziziritsa madzi, amene anaima pamene magetsi anacoka, afuna mphindi zingapo kuti ayambenso. M'mphindi zimenezo cipinda cidalira madzi ozizira osungidwa m'mathanki, ndi mapampu ndi mafani amene ayenera kukhala pa mabatire. Oyesa apenya zoyezera kutentha m'mizere yonse, nalemba pamene pakwera koposa. Atatero azima jenereta imodzi. Atatero atseka pampu imodzi. Ndipo potsiriza abweza magetsi a kunja, pakuti kubwerera nako kuli ndi ngozi zace.

Cifukwa ninji kubvutika kotere, popeza makina ali onse anapambana kale paokha? Cifukwa zolakwa zoopsa zibisala pa mfundo, pamene nchito ya munthu wina ikomana ndi ya mnzace. Jenereta iri bwino, zoziziritsa ziri bwino. Koma zoziziritsa zonse zikayamba pa sekondi imodzi, zikoka magetsi ambiri nthawi imodzi, ndipo jenereta igwa. Ziyenera kuyamba motsatana, ndipo dongosolo limenelo liyenera kulembedwa m'makina ozilamulira. Kapena pampu yaing'ono yodzaza dizilo m'jenereta inalumikizidwa ku magetsi a kunja okha. Jenereta ilira maora ocepa, nizima ndi ludzu, thanki yaikuru iri yodzaza pabwalo. Palibe mmisiri mmodzi amene angaone zimenezi ali pa nchito yace yokha.

Za mtundu umenewu zinaoneka ku Atlanta m'dziko la America pa 8 August 2016. Makina ena a magetsi anaonongeka m'nyumba ya makompyuta ya kampani ya ndege ya Delta, ndipo pamenepo kunadziwika kuti maseva ngati 300 mwa 7,000 sanalumikizidwe ku magetsi apadera. Maulendo a ndege ngati 2,300 analephereka m'masiku atatu, ndipo kampani inataya madola ngati 150 miliyoni. Mawaya amenewo anali cikhalire comweco nyumba iri kugwira nchito bwino, kufikira tsiku limene magetsi anacoka okha, osapangana ndi munthu.

KUYESA ZOZIMIRA MOTO

Madzi aononga makompyuta, cifukwa cace zipinda zambiri za maseva zizima moto ndi mpweya wosungidwa m'mabotolo a citsulo. Mpweya umene tipuma uli ndi okosijeni magawo 21 mwa 100. Mpweya wa m'mabotolo uja, umene kawirikawiri ndi naitrojeni ndi agoni, utsitsa okosijeni kufikira magawo ngati 13, pamene moto ufa koma munthu akhoza kutuluka wamoyo. M'denga muli timapaipi tokoka mpweya kosaleka ndi kuupereka ku makina onunkhiza utsi, amene azindikira waya wopserera munthu asanamve pfungo.

Poyesa, afukiza utsi pang'ono, napenya mndandanda wonse: kodi belu lalira? Kodi zitseko za m'njira za mpweya zatsekeka? Kodi maloko a magetsi a pa makomo amasuka kuti anthu atuluke? Kodi papita masekondi ocenjeza, ngati 30, mabotolo asanalamulidwe kutseguka? Ayesanso cipinda cenicenico. Amangirira fani yaikuru pakhomo, nakankha mpweya m'kati, kuti ayeze kudontha kwa makoma; pakuti mpweya wozima moto uyenera kukhala m'cipinda mphindi 10, ndipo kabowo kamene mmisiri wa mawaya anaiwala kutseka kakhoza kuutaya wonse, moto nuyakanso.

Kuti zonsezi ziyenera kucitika nyumba iri yopanda kanthu, tiphunzira ku Bucharest m'dziko la Romania. Mu September 2016 banki ya ING inayesa zozimira moto m'nyumba imene munali maseva ogwira nchito. Mpweya unatuluka ndi phokoso lalikuru kotero kuti kunjenjemera kwace kunaononga mbale zozungulira zosungira zolembedwa m'maseva ambiri. Ndipo kwa maora ngati 10 anthu sanathe kutenga ndalama kapena kugula ndi makadi ao. Mayeso amene akadakhala phunziro cabe m'nyumba ya mbaula anasanduka tsoka m'nyumba ya maseva.

MBONI NDI CANGU

Inu aphunzitsi mudziwa cifukwa cace mphunzitsi sayang'anira yekha ana ace pa mayeso a boma. Momwemonso woyesa nyumba ayenera kukhala munthu wapadera, wolembedwa nchito ndi mwini nyumba, wosadya m'mbale ya womanga. Iye alemba dongosolo la mayeso zisanayambe, ndi yankho loyembekezeka pa funso liri lonse. Alemba colakwa ciri conse m'buku, ndipo sacifafaniza kufikira cakonzedwa ndi kuyesedwanso pamaso pace.

Liripo bungwe la ku America lochedwa Uptime Institute, limene ligawa nyumba zotere m'magulu anai, kuyambira Tier I kufikira Tier IV. Nyumba ya Tier III ndiyo imene makina ace ali onse akhoza kuzimidwa ndi kukonzedwa maseva osaima. Ndipo bungwelo lifuna kuti pa malo pakhale dizilo wokwanira maora 12 kapena kuposa. Koma zindikirani ici: setifiketi ya mapulani ndi ina, ndipo setifiketi ya nyumba yomangidwa ndi inanso. Yoyamba icitira umboni za mapepala. Yaciwiri iperekedwa akatswiri atafika pa malo ndi kuona ndi maso makina ali kuzimidwa. Mukamva kuti nyumba yakuti ndi ya Tier III, nkoyenera kufunsa kuti ndi setifiketi iti.

Mdani wa nchito yonseyi ndiye cangu. Kuyesa kubwera potsiriza, pamene omanga acedwa kale, ndalama zacepa, ndipo tsiku lodula riboni lalengezedwa. Pamenepo pauka mau akuti, Makina ngatsopano, tiyesenji? Masabata a kuyesa afupikitsidwa nasanduka masiku, ndipo khwerero lacisanu, limene lifuna mbaula zobwereka ndi dizilo wambiri, ndilo liyamba kudulidwa. Akuru anati kuthamanga si kufika. Colakwa cimene sicinapezeke ndi mbaula sicicoka ai. Cikhala cete, kuyembekeza tsiku limene m'makabati mudzakhala malipiro a anthu.

Ndipo nchito siithera pa tsiku lolandira makiyi. Mabatire akalamba, dizilo wokhalitsa alowa madzi ndi litsiro, ndipo maseva atsopano aonjezedwa ndi anthu amene sanaone mapulani oyamba. Cifukwa cace majenereta aliritsidwa mwezi ndi mwezi, ndipo anchito amene adzalonda nyumba usiku ayenera kukhalapo pa masiku a kuyesa, kuti manja ao azolowere maswichi kusanade.

ZIMENE TINGATENGEPO

Pali zitatu zimene tingapite nazo ku masukulu athu. Coyamba ndi ca m'kalasi. Mwana akagwira caja ca lamya cimene cakhala pa magetsi, namva kufunda, wagwira kale ciyambi ca nkhani yonseyi, kuti magetsi asanduka kutentha. Ndipo kuwerengera kuja kwa makabati ndi nsimbi ndi samu yabwino ya kuculukitsa. Ena mwa ana amene tiri kuwaphunzitsa adzakhala amisiri a magetsi ndi a zoziziritsa, ndipo nchito ya kuyesa ifuna munthu wowerenga bwino cizindikiro, wolemba nambala imene waona, wosaopa kunena pamaso pa akuru kuti ici calephera. Makhalidwe amenewa ayamba pa desiki.

Caciwiri ndi ca masukulu amene alandira makompyuta, masola ndi mabatire. Musasaine pepala lolandira cifukwa nyali zayaka masana. Pemphani woika kuti ayatse makompyuta onse pamodzi, nadule magetsi ocokera ku masola kapena ku ZESCO inu muli kupenya ndi wochi. Lembani maora amene mabatire apirira, gwirani mawaya kunja kwace kumva ngati atentha, ndipo funsani pamene pali swichi yozima zonse. Citani zimenezi a komiti ya makolo alipo, kuti mboni zicuruke.

Cacitatu ndi phunziro la ku Strasbourg. Mamakisi a ana ndi kaundula wa sukulu, ngati ziri m'kompyuta, zikhale ndi kope lina losungidwa m'nyumba ina. Ndipo kamodzi pa temu tsegulani kopelo, muone ngati liwerengeka.

A Wapampando, ndalankhula nthawi yaitali pamaso pa ondiposa zaka ndi nzeru. Ngati pali mafunso, ndidzayankha monga ndingathe.